Impso Yolandira kwa Mbale Imafuna Mudzi Waukhondo

Mbiri yafika mpaka m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi yakuti impso za munthu zikafa, madokotala angathe kumuika impso ya munthu wina, iye nakhalanso ndi moyo. Mbiriyi ndi yoona. Koma ambiri amangomva theka lake, ndipo theka losamvekalo ndilo limene likukhudza inu abambo ndi amayi amene mukuwerenga magazini ino podikira kuonana ndi adokotala.

Tiyambe ndi ntchito ya impso. Munthu ali ndi impso ziwiri chakumsana, m'munsi mwa nthiti, ndipo iliyonse kukula kwake ndi ngati chibakera cha mwini wake. Usana ndi usiku impso zimasefa magazi. Pa tsiku limodzi zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, ochuluka nkuwabwezera m'magazi, ndipo zoipa zimatuluka mu mkodzo wongokwana lita imodzi ndi theka kapena malita awiri. Impso zikaleka ntchito, zoipazo zimatsalira m'thupi. Mapazi ndi nkhope zimatupa, munthu amafooka, amachita mseru, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira.

Thandizo lilipo la mitundu iwiri. Loyamba ndi makina osefa magazi otchedwa dayalisisi, amene amapezeka ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wodwala amakhala pa makinawo maola anayi, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Taganizirani mlimi wa ku Malomo kapena ku Nthondo. Ndalama za ulendo wa ku Lilongwe sabata ndi sabata azipeza kuti? Nanga munda wake wa fodya ndi mtedza adzalima ndani?

Thandizo lachiwiri ndilo kuikidwa impso ina. Opaleshoni yoyamba imene idayenda bwino idachitika pa 23 Disembala 1954 mu mzinda wa Boston ku America. Dokotala Joseph Murray ndi anzake adachotsa impso imodzi mwa Ronald Herrick naiika mwa Richard Herrick, ndipo Richard adakhalanso ndi moyo zaka 8. Chinsinsi chake chidali chakuti awiriwa adali mapasa ofanana ndendende, kotero thupi la Richard silidaone impsoyo ngati yachilendo.

Kwa ena tonsefe nkhani ndi ina. Thupi lili ndi asilikali ake, amene timawatcha chitetezo cha m'thupi, ndipo ntchito yawo ndi kumenyana ndi chilichonse chachilendo. Asilikaliwa sasiyanitsa kachirombo ka matenda ndi impso yopatsidwa mwachikondi ndi mlongo wako. Zonse amazithira nkhondo, impso yatsopano ija nkufa. Nchifukwa chake akatswiri adatha zaka zambiri akufufuza mankhwala ochepetsa ukali wa asilikaliwa. Oyamba adali azathioprine ndi prednisone, amene adayamba kugwiritsidwa ntchito kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1978 dokotala Roy Calne wa ku Cambridge ku England adayesa pa odwala mankhwala a cyclosporine, ochokera ku mtundu wina wa chuku chopezeka m'dothi, ndipo kuyambira pamenepo impso zoikidwa zidayamba kukhalitsa. Mu 1984 ku Japan adatulukira tacrolimus, amenenso adachokera ku tizirombo ta m'dothi.

Nzeruzi zidafikanso kwathu kuno ku Afirika. Ku Johannesburg adaika impso koyamba mu 1966. Mu 2008 dokotala Elmi Muller wa pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town adayamba kuika impso za anthu amene adali ndi HIV mwa odwala amenenso ali ndi HIV, zimene ambiri ankati nzosatheka. Anzathu a ku Tanzania adachita opaleshoni yawo yoyamba ku Muhimbili mu 2017, ndipo a ku Zambia ku UTH ku Lusaka mu 2018. Amalawi ofuna thandizoli akhala akupita kunja, makamaka ku India, pa ndalama zambiri zedi. Kafukufuku sadaime. Mu Malichi 2024 madokotala a ku Boston adaika mwa munthu wamoyo impso ya nkhumba imene asayansi adaisintha chibadwa. Wodwalayo adamwalira patapita miyezi pafupifupi iwiri, ndipo ntchito yofufuzayo ikupitirira.

Tsono akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mankhwala amene amateteza impso yatsopano ndi omwewo amene amafooketsa chitetezo cha thupi lonse. Wolandira impso ayenera kuwamwa tsiku ndi tsiku, pa nthawi yake, masiku onse amene impsoyo ili m'thupi mwake. Akadumphitsa masiku ochepa, thupi lingathe kuikana impsoyo, nsembe ya mbale uja nkupita pachabe. Akamamwa mokhulupirika, matenda amene kwa ena ndi aang'ono kwa iye amasanduka oopsa. Chifuwa chachikulu chimamugwira msanga, kutsekula m'mimba kumamugwetsa, ndipo khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi imapeza danga.

Pamenepa ndi pamene pagona maganizo anga monga woyang'anira zaukhondo. Dokotala wa ku India amagwira ntchito yake maola ochepa, koma ntchito yotsala ili m'manja mwa mudzi. Munthu woikidwa impso akabwerera kwawo ku Mvera kapena ku Kansonga, moyo wake uli pa chitsime chimene amatungapo madzi, pa chimbudzi cha pakhomo ndi pa manja a womuphikira nsima. Madzi ake akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, ndipo pambali pake pakhale mpondagiya ndi sopo. Agone m'neti usiku uliwonse. Wachibale amene watsokomola kwa masabata awiri akayezetse makhololo asadamuyandikire. Ndipo aboma amene amathandiza odwala kupita kunja aonetsetse kuti mankhwalawa sakusowa akabwerako, pakuti kulipira opaleshoni nkulephera kupeza mapiritsi ndi kumanga nkhokwe yopanda denga.

Kwa achibale ndinene izi. Munthu wathanzi angathe kupereka impso imodzi nakhala bwino ndi yotsalayo, koma ayenera kuyamba wayezedwa mokwanira, ndipo apereke mwa kufuna kwake, osati mokakamizidwa ndi akubanja. Impso si malonda. Akatswiri a m'maiko ambiri adagwirizana ku Istanbul mu 2008 kuti kugula ndi kugulitsa ziwalo nkoletsedwa. Wina akakulonjezani ndalama posinthana ndi impso yanu, kanenani kwa amfumu ndi kupolisi.

Koma chachikulu ndi ichi: impso ziwiri zimene mudabadwa nazo sizifuna mankhwala ofooketsa thupi kapena ulendo wa pandege. Zimene zimaziononga tikuzidziwa. Choyamba ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2009 adapeza kuti mwa akulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vutoli, ndipo ambiri sankadziwa. Chachiwiri ndi matenda a shuga. Likodzo, limene ana amalitenga posamba m'madambo ndi m'mitsinje monga Bua, likakhalitsa limatseka njira za mkodzo. Malungo aakulu ndi kolera zingathe kuimitsa impso m'masiku ochepa. Zilonda za mphere zikachita mafinya zimatha kutupitsa impso za mwana. Mapiritsi opha ululu monga brufen ndi indocid, ogula pa golosale nkumamwa tsiku ndi tsiku, amazidya pang'onopang'ono, ndipo mankhwala azitsamba opanda muyeso nawonso apha impso za ambiri.

Choncho musatuluke pa chipatala lero osayezetsa kuthamanga kwa magazi. Sikupweteka ndipo sikuchedwa. Ngati adakupatsani mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV, musawasiye chifukwa chakuti mukumva bwino. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kosadzaza. Mwana akakodza magazi mukamulandirire mankhwala a likodzo. Amayi oyembekezera musaphonye sikelo, makamaka mukaona kutupa kwa nkhope ndi manja. Mukaona mkodzo wathovu, mkodzo wochepa kapena mapazi otupa, fulumirani ku chipatala chapafupi, kaya ku Mponela, ku Madisi, ku Dowa kapena ku Ntchisi boma. Mbewa yamanyazi idafera kuuna.