Nsambo Zisanu ndi Imodzi, Mau Atatu

M'makomo ambiri kuno ku mapiri a Dedza muli magitala opachikidwa pa msomali, fumbi lili mbuu, akangaude atamangapo kale. Mbiri yake imakhala imodzimodzi. Mwana analandira gitala kwa atsibweni ake ochokera ku Joni, nalimbikira sabata ziwiri. Zala zinatupa, nyimbo osatuluka, ndipo anataya mtima. Mwezi uno tifuna kukambirana za njira imene ingabweze mwana wotere ku gitala yake. M'Chingerezi amaitcha open tuning, ndiko kuchuna gitala kotero kuti nsambo zonse zilire mogwirizana dzanja lamanzere lisanagwire paliponse.

Njirayi si yachilendo m'dziko muno. Magitala anachuluka kuno pamene asilikali anabwerako ku nkhondo imene inatha mu 1945, ndiponso pamene abale athu ankabwera nao kuchokera ku ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Oimba a masiku amenewo sanadikire buku. Aliyense anapotokola makiyi kufikira gitala italankhula monga khutu lake linafunira. Achikulire akumbukira Ndiche Mwarare, amene ankayendetsa botolo pa nsambo, kaimbidwe kotchedwa hauyani. Dzinali linachokera ku zilumba za Hawaii, kumene Joseph Kekuku anayamba kutsetsereza chitsulo pa nsambo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, anali ndi machunidwe angapo, ndipo Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anakumana naye ku Blantyre mu 1967, anawalemba m'mabuku kuti asaiwalike. Tsono mwana wochuna gitala motere akuponda m'mapazi a akuluakulu.

Ife amene tinakulira m'kwaya tili ndi mwayi, pakuti chinsinsi chonse chagona pa mau atatu amene timawadziwa kuyambira ku sukulu: do, mi, so. Soprano, alto, tenala ndi besi akatsiriza nyimbo, kawirikawiri amapumira pa mau atatu amenewa. Ntchito yathu ndiyo kuwaika pa nsambo zisanu ndi imodzi.

Tiwerenge nsambo kuyambira pansi: yaing'ono kwambiri ndiyo 1, yaikulu yapamwamba ndiyo 6. Pa kachunidwe ka masiku onse, kuchokera pa 6 kutsikira pa 1, nsambo zimalira E, A, D, G, B, E. Taonani bwino zitatu izi: 4, 3 ndi 2. Izo zimalira D, G, B, ndipo tikatenga G kukhala do wathu, ndiye kuti zikuimba kale so, do, mi. Zimenezi musazikhudze konse. Zofunika kusintha ndi zitatu zotsalazo, ndipo zonse tizikhwefula, palibe imene tiikunge. Ichi nchotonthoza kwa makolo, popeza nsambo siduka poikhwefula, ndipo yatsopano sipezeka pa golosale ya pamudzi.

Choyamba, lizani nsambo 4, ndipo khwefulani 6 pang'onopang'ono kufikira italira mau omwewo koma a besi, monga bambo ndi mwana akuimba so pamodzi. Poyesa, dinizani 6 pa mzere wachitsulo wa 12. Iyenera kufanana ndi 4 yosagwidwa.

Chachiwiri, lizani nsambo 3, ndipo khwefulani 5 kufikira itakhala do wa pansi. Yesaninso pa mzere wa 12. Ifanane ndi 3.

Chachitatu, dinizani nsambo 2 pa mzere wa 3, ndipo khwefulani 1 kufikira ziwirizo zitalira ngati imodzi.

Tsopano tsitsani chala chachikulu pa nsambo zonse. Mudzamva so, do, so, do, mi, so, kapena m'malemba D, G, D, G, B, D. Ku Hawaii kachunidwe kameneka anakapatsa dzina la munda wa koko.

Pano mpamene tifuna kuchedwapo, chifukwa phunziro lenileni lili m'khutu. Nsambo ziwiri zikayandikana mau koma zisanafanane, mumamveka kunjenjemera, ngati mau akupita nabwera. Zikatalikirana kunjenjemerako kumafulumira, zikayandikira kumachedwa, zikakumana kumatheratu, mau nangoti zii mowongoka. Mwana aphunzire kudikira nthawi imeneyi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndiponso nkwabwino kutsitsa nsambo kupitirira pang'ono, kenaka nkuikweza kufikira pamalo pake, pakuti ikafika potero sithawa msanga. Mukatha zitatuzo, bwererani kumvetsera zina zija, chifukwa khosi la gitala likapepukidwa, nsambo zosakhudzidwa nazo zimasuntha pang'ono.

Tidziwa kuti mafoni a masiku ano ali ndi zochunira zimene zimaonetsa nyali pamene nsambo yafika. Sitikuzinyoza. Koma ife aphunzitsi taona kuti mwana wozolowera kuuzidwa yankho amaiwala njira yolipezera. Foni ikupatseni G woyambira, zotsalazo lichite khutu. Khutu lophunzitsidwa chomwechi lidzathandiza mwanayo ndi m'kwaya momwe, pakuti adzadzimva yekha akatsika kapena kukwera mopitirira anzake, wotsogolera asanamuyang'ane.

Nanga kuimba kwake? Nsambo zosagwidwa zikupatsani do, mi, so. Gonekani chala chamkombaphala pa nsambo zonse pa mzere wa 5, mudzapeza fa, la, do. Chisuntheni kufika pa mzere wa 7, mudzapeza so, ti, re. Pa mzere wa 12, pamene pali pakati penipeni pa nsambo, do abweranso ali pamwamba. Nyimbo zambiri za ku sukulu, za pa ukwati ndi za m'kwaya zimayenda pa malo atatu oyambawo. Mwana wa Sitandade 4 angathe kuperekeza abale ake madzulo a tsiku loyamba lomwe, ndipo gogo amene zala zake zinauma angathenso. Wofuna kuyesa hauyani agoneke gitala pa miyendo, atenge kabotolo kosalala, nakakhazike pamwamba penipeni pa mzere wachitsulo, osadiniza mpaka pa thabwa.

Tichenjeze pa zinthu zitatu. Kuno kwathu nkokwera, ndipo chisanu cha Juni ndi Julaye chimakunga nsambo zachitsulo, pamene kutentha kumazikhwefula. Gitala yochunidwa bwino masana idzafuna kumvetseredwanso usiku, ndipo isasiyidwe pafupi ndi moto kapena padzuwa. Chachiwiri, ngati G wakutsikirani, musakunge nsambo zonse kuti zikwere. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mangani pensulo ndi mphira pa mzere wa 2, gitala yonse idzakwera kukhala A. Chachitatu, njirayi ili ndi malire. Mau achisoni aja a la, do, mi satuluka pongogoneka chala chimodzi pa nsambo zonse, ndipo woimba pamodzi ndi anzake a magitala ena ayenera kudziwanso kachunidwe ka masiku onse. Ichi ndi chitseko cholowera, si nyumba yonse.

Mau otsiriza apite kwa makolo. Ambiri a ife tinaleredwa pomva kuti gitala ndi ya pamowa, ndipo pali ana amene amaibisa kuseri kwa nkhokwe poopa bambo. Koma mwana woletsedwa kuimbira pakhomo adzakaimbira kumene sitifunako. Muitaneni pakhonde mutatha kudya nsima. Amayi aimbe do, abambo so, mlongo wake mi, ndipo iye apotokole makiyi kufikira nsambo zitapeza mau a banja lake. Mmera mpoyamba. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzakamba za bangwe, ndi mmene makolo athu ankachunira nsambo zake ndi timitengo.