Hiace tiikhulupirira, nanga gitala yakale ya ku Japan tiinyoza chifukwa chiyani?

Anthu a mu Lusaka sitifunika kuphunzitsidwa za katundu wa ku Japan amene wagwira kale ntchito. Basi imene mwakwera m'mawa uno kuchoka ku Matero, Chawama kapena Mtendere, kaya ni Hiace kaya ni Rosa, mwina inayamba yanyamula anthu kwawoko isanakwere sitima ya pamadzi ndi kudzalowa pa Nakonde. Mabasi ena akali ndi zilembo za Chijapani pa chitseko, ndipo palibe aziwerenga. Koma funsani ba driver, adzakuuzani kuti injini ija mukaipatsa oilo pa nthawi yake, idzakalamba pamodzi ndi inu.

Manje chodabwitsa ni ichi. Anthu omwewo amene adziwa kugogoda bodi ya motoka ndi kumvetsera injini asanapereke ndalama, akaona gitala ya magetsi yakale yolembedwa "Made in Japan" aiona ngati nkhuni. Ili kuseri kwa wodiropu kuyambira pamene ba shikulu anamwalira. Ili mu kachipinda ka ku tchalitchi pansi pa mabenchi othyoka. Ana aiyesa chidole. Tsiku lina wina wodziwa abwera, apereka ya bando imodzi ndi ya basi, aitenga. Ine nikamba kuti gitala yotere iyenera kufufuzidwa isanatayidwe kapena kugulitsidwa, chifukwa nthawi zambiri iposa yatsopano yonyezimira imene mwana wanu alirira pa windo ya sitolo mu town.

Tiyambe ndi kumene magitalawa anachokera. Mu 1965 gulu la ku America lotchedwa The Ventures linakaimba ku Japan, ndipo anyamata a kumeneko anapenga ndi gitala ya magetsi. Mafakitale anayamba kupanga ambirimbiri. Maina a nthawi imeneyo ni Teisco, Guyatone ndi Kawai, ndipo mu 1967 Kawai inagula Teisco. Magitala awo anali otchipa, a maonekedwe achilendo, ena odzaza mabatani ngati wailesi yakale. Azungu anali kuwaseka. Koma paja akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Hound Dog Taylor, woimba blues ku Chicago, anatchuka akuliza magitala otchipa omwewa, ndipo kaliridwe kake kaukali anthu akufunabe mpaka lero.

Pofika zaka za m'ma 1970 kuseka kunatha. Mafakitale monga FujiGen ndi Matsumoku, onse a ku Matsumoto, anayamba kukopera magitala otchuka a Gibson ndi Fender mwaluso kwambiri. Anali kutuluka ndi maina monga Greco, Ibanez ndi Aria, ndipo kampani ya Tokai nayo inali kupanga ake. Mu 1977 eni a Gibson anatengera ku khoti kampani yogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kapangidwe ka mutu wa gitala. Fender inasankha njira ina. Mu 1982 inatsegula Fender Japan, ndipo FujiGen yomwe ija ndiyo inapatsidwa ntchito yopanga. Ganizani bwino pamenepo: mwini katundu anaona wokopera, nati iwe udziwa ntchito, bwera unipangire. Magitala oyamba a Squier a nthawi imeneyo, amene nambala yawo iyamba ndi JV, lero ndi ofunidwa maningi.

Oimba akuluakulu nawo anavomereza. Carlos Santana anali kuliza Yamaha SG, George Benson ali ndi gitala ya Ibanez yotchedwa ndi dzina lake, ndipo Kurt Cobain anakonda Univox Hi-Flier imene inapangidwa ku Matsumoku. Fakitale ya Matsumoku imeneyi, imene inatsekedwa mu 1987, inali kupanganso matebulo a makina osokera a Singer. Aliyense amene waona telala pa khonde la sitolo akupalasa makina akale kuposa iye mwini adziwa kale mtundu wa ntchito imene nikamba.

Nanga mudziwa bwanji ngati imene ili kwanu ni yabwino? Chitani monga muchitira pogula motoka, osayamba ndi penti. Yambani ndi khosi. Ikani diso pa mutu wa gitala, muyang'ane kutsika mpaka ku thupi lake monga kalipentala ayang'anira thabwa. Kupindika pang'ono kukonzeka, chifukwa mkati mwa khosi muli chitsulo chimene chimangidwa ndi kumasulidwa. Koma khosi lopotoka ngati chingwe, kapena losweka pafupi ndi mutu, ni ntchito yaikulu ndipo mtengo uyenera kutsika. Kenako onani tizitsulo topingasa pa khosi. Ngati tadyeka mpaka kukhala ndi maenje, mawaya azilira ngati njuchi. Lizani waya uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi musanalumikize ku amplifaya. Gitala yabwino imveka ngakhale ZESCO yatenga magetsi ake.

Mukatha apo, tembenuzani. Pa magitala ambiri, pamene khosi likumana ndi thupi pali kachitsulo ka masikuluwu anayi, ndipo mawu akuti "Made in Japan" ndi nambala zipezeka pamenepo kapena kuseri kwa mutu. Ambiri a ku Matsumoku ali ndi mawu akuti "Steel Adjustable Neck" pa kachitsuloko. Pa Ibanez zambiri za kumapeto kwa m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, chilembo choyamba chiimira mwezi ndipo manambala awiri otsatira aimira chaka, motero A79 atanthauza Januwale 1979. Foni imene muli nayo m'manjayo ikwanira. Jambulani mutu, nambala ndi thupi lonse, mufufuze dzina lake pa Reverb kapena eBay, ndipo muone mtengo umene magitala otere anagulidwa nawo, osati umene ogulitsa alota.

Pomaliza lumikizani ku amplifaya. Ngati mabatani akanda m'makutu mukawazungulitsa, kapena mawu abwera ndi kupita, musachite mantha. Kambiri ni fumbi chabe kapena kawaya kamene kaduka, ndipo munthu wokonza mawailesi ku komboni angawotcherere. Chachikulu ni ma pickup, osati aja onyamula malasha, koma tizitsulo tokhala pansi pa mawaya totenga mawu. Gogodani kalikonse pang'ono ndi sikuludiraiva. Kakayankha mu sipika, kali moyo.

Chenjezo limodzi nifuna mulisunge. Gitala yokha ilibe vuto ndi magetsi athu chifukwa siilowa pa khoma. Koma amplifaya yopangidwira msika wa ku Japan idya mavoti 100, pamene athu ni 230. Mukailumikiza popanda thiransifoma, mudzamva fungo la utsi ndipo ndalama yapita. Werengani kuseri kwake musanayatse.

Sinikamba kuti chilichonse cha ku Japan ni golide. Awe. Ambiri a m'ma 1960 anapangidwa ndi plywood, mawaya ali kutali ndi khosi, ndipo mwana wophunzira angaleke chifukwa cha kuwawa kwa zala. Palinso akathyali amene amata sitika ya dzina lalikulu pa gitala wamba, monga mmene nsapato zina za pa msika zinyamulira dzina la eni ake. Ogulitsa enanso aphunzira liwu lakuti "lawsuit", ndipo aliika pa gitala iliyonse yakale kuti mtengo ukwere, ngakhale mlandu wa 1977 unali wa kampani imodzi. Kudziwa kuteteza mbali zonse ziwiri. Wogula salipira mopitirira, ndipo mayi wamasiye sagulitsa chuma cha malemu pa mtengo wa thumba la ufa.

Chimene chinikakamiza kulemba izi ni phunziro limene dziko lino linalandira kale. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inali dziko la gitala ya magetsi. WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Keith Mlevhu ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anapanga nyimbo zimene lero dziko lonse litcha Zamrock. Mtengo wa kopa utagwa, chuma chinaipa, matenda anatenga oimba ambiri, ndipo marekodi awo tinawaiwala m'makatoni. Amene anabwera kudzawafunafuna anali osonkhanitsa a kunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndiyo inatulutsanso nyimbo za WITCH pamodzi mu 2012, ndi Welcome to Zamrock mu 2017. Tiyamike kuti nyimbo zinapulumuka, ndipo ba Jagari Chanda anabwerera pa siteji mpaka kutulutsa Zango mu 2023. Koma mwana wa ku Chilenje amene afuna kugwira rekodi yoyambirira ya Paul Ngozi lero apikisana ndi anthu a madola. Rekodi mungaikopere pa foni. Gitala ikachoka, yachoka.

Nidziwa wina mu basi muno akamba kuti ba mtolankhani, ife tiganiza za renti ndi malasha, imwe mutiuza za magitala. Zoona, gitala si nsima. Ngati kunyumba kwavuta ndipo pafunika ndalama ya chipatala kapena ya koleji, gulitsani, palibe angakuweruzeni. Pempho langa ni lakuti mugulitse mukudziwa chimene mugulitsa. Wina akamba kuti masiku ano nyimbo zipangidwa pa kompyuta, gitala ni ya madala. Pitani ku tchalitchi chilichonse pa Sande, kapena ku ukwati kumene kuli bandi, mumve ngati kalindula kapena rhumba iyenda popanda mawaya. Anyamata ndi atsikana ofuna kuphunzira alipo ambiri, chimene chisowa ni chida chabwino pa mtengo umene makolo angakwanitse. Gitala yatsopano yotchipa kwambiri kambiri siisunga tchuni, ndipo mwana aganiza kuti vuto ni manja ake. Yakale yabwino ya ku Japan, mutaigulira mawaya atsopano ndi kuiwongola khosi, imuphunzitsa popanda kumunamiza.

Ngakhale kwawo ku Japan saataya wamba. Ku Tokyo kuli dera la Ochanomizu lodzaza masitolo a magitala atsopano ndi akale, ndipo masitolo a Hard Off ali ndi kona ya zinthu zowonongeka kumene anthu asankha monga tichitira pa mulu wa salaula. Kusiyana ni kwakuti iwo adziwa chimene afuna pa muluwo.

Ngati muli nayo kale, isamaleni. Musaisiye pafupi ndi malata mu Okutobala, kutentha kupotola khosi. Musaitsamiritse pa khoma lonyowa nthawi ya mvula, ndipo muikweze pansi chifukwa chiswe sichiwerenga "Made in Japan". Pukutani mawaya mukatha kuliza. Koposa zonse, musaipente. Zokanda ndi penti yofufuma si manyazi, ndipo ogula odziwa atsitsa mtengo wa gitala yopentedwanso. Mukasintha kachitsulo kalikonse, sungani kakale mu kapepala.

Kwa akulu a mipingo ndi aphunzitsi a nyimbo m'masukulu, tsegulani tuzipinda tosungira katundu tija, mulembe chimene chilimo: dzina, nambala, ndi vuto lake. Kwa okonza mawailesi ndi akalipentala, pali ntchito apa imene ochepa aigwira mu Lusaka, ndipo zambiri mungaphunzire pa YouTube. Kwa inu makolo, mwana akati afuna gitala, musanathamangire mu town yambani mwafunsa achibale ngati ya ba yama ija ikalipo. Ikapezeka, itengeni kwa woimba wodziwa aiyese asanakambe za mtengo aliyense. Ikakhala yabwino, gulani mawaya asanu ndi limodzi, mumupatse mwanayo aiphunzire.