Angelfish siifuna munthu waphuma

Nditalandira malipiro anga oyamba, anzanga anathamangira kukagula mafoni atsopano. Ine ndinabwera kunyumba ndi kajumbo ka madzi, m'katimo muli tinsomba tiwiri tophwatalala ngati tsamba, ta mizeremizere yakuda. Wogulitsa anangoti, "Akulu, izi sizivuta, mungothira madzi basi." Ndinathiradi madzi apampopi m'kabotolo kagalasi kozungulira kaja, n'kujambula chithunzi, n'kuponya pa WhatsApp. Sabata isanathe tonse tiwiri tinali titafa. Ndalama zinandiwawa, koma chinandiwawa kwambiri n'chakuti wopha ndinali ine.

Ndiye lero, inu amene mwaona angelfish pa TikTok mtima n'kudumpha, tiyeni tikambirane musanatulutse ndalama.

Angelfish kwawo ndi ku South America, m'mitsinje ya m'chigwa cha Amazon, kumayiko monga Brazil, Peru ndi Colombia. Asayansi amaitcha Pterophyllum scalare, ndipo ili m'banja limodzi ndi chambo komanso mbuna za m'nyanja ya Malawi. Koma chibale chimenechi chisakunamizeni. Mbuna zimafuna madzi okhala ndi mchere wambiri wa m'miyala, a pH yoyandikira 8, pamene angelfish imasangalala m'madzi a pH ya pakati pa 6 ndi 7.5. Komanso mbuna n'zandewu, zimaluma zipsepse zazitali zija. Musaziike pamodzi.

Kansomba kamene mukugula kali ngati khobidi kaja kamakula mpaka masentimita 15 m'litali, ndipo kuchokera pansonga ya chipsepse cham'mwamba kufika cham'munsi amakwana pafupifupi masentimita 20. Ikasamalidwa bwino imatha zaka 10 ili moyo. Choncho thanki igulidwe poganizira nsomba yaikulu ya mawa. Ziwiri zimafuna thanki ya malita osachepera 100, yotalika masentimita 45 kapena kuposa kupita m'mwamba. Kumbukiraninso kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Katebulo ka TV kogwedera kaja sikangakwanitse.

Chimene chinapha nsomba zanga sichioneka ndi maso. Ndowe za nsomba ndi chakudya chotsala zimatulutsa ammonia, yemwe ndi poizoni. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya abwino, makamaka m'fyuluta, amene amasintha ammonia kukhala nitrite, kenako nitrate, yemwe saopsa kwambiri. Mabakiteriyawa sabwera tsiku limodzi. Amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achuluke. Ndiye thirani madzi, yatsani fyuluta, muziponyamo tichakudya pang'ono tsiku ndi tsiku ngakhale mulibe nsomba, n'kudikira. Kuli tizida toyezera madzi togulitsidwa m'mashopu a ziweto. Ammonia ndi nitrite zikafika pa 0, m'pamene mukagule nsomba. Inde, abale azikusekani kuti mukuweta madzi. Asiyeni aseke.

Madzi apampopi amakhala ndi kolorini, yemwe amawononga makha a nsomba n'kuphanso mabakiteriya aja. Gulani mankhwala odontheza ochotsa kolorini, muzithira nthawi iliyonse mukamawonjezera madzi. Sabata iliyonse chotsani kota ya madzi n'kuikamo ena ofunda mofanana. Musamakhuthule thanki yonse, musamatsuke ndi sopo, ndipo siponji ya m'fyuluta muziitsukuluza m'madzi omwe mwachotsa m'thankimo.

Kenako nkhani ya kutentha. Angelfish imafuna madigiri 24 mpaka 28. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, madzi a m'nyumba usiku amatha kuzizira kuposa pamenepo, ndiye hita ndi kachipangizo koyezera kutentha n'zofunika. Nanga magetsi akathima? Apa mpamene ambiri timagwera. Fyuluta ikaima, mpweya m'madzi umachepa. Khalani ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, fundikani thanki bulangete kuti isazizire msanga, ndipo tsiku limenelo musazipatse chakudya. Nsomba yaikulu yathanzi siifa ndi njala ya tsiku limodzi kapena awiri.

Pa chakudya, dyetsani kamodzi kapena kawiri pa tsiku, chongokwana kutha m'mphindi 2. Angelfish imadziwa kupempha, ikakuonani imabwera pagalasi ngati sinadye chiyambire dzulo. Musaimvere chisoni. Uzaninso ana a pakhomo ndi alendo kuti nsima ndi buledi siziponyedwa m'menemo.

Dzina lake ndi la mngelo, koma khalidwe ndi la nsomba yolusa. Ikakula imameza tinsomba tokwana m'kamwa mwake, monga neon tetra. Nayo imazunzika ikakhala ndi tiger barb, amene amakonda kubudula zipsepse. Anzake abwino ndi nsomba zofatsa za pansi ngati corydoras. Dzalanimonso zomera za masamba aatali kuti ipeze pobisala.

Mukapirira zonsezi, mphoto yake ilipo. Yaimuna ndi yaikazi zikagwirizana, zimasankha tsamba kapena mwala woimirira, n'kuupukuta ndi kamwa, yaikazi n'kuikira mazira m'mizere. Zonse ziwiri zimalondera, kumawakupizira madzi ndi zipsepse, mpaka ataswa patatha masiku 2 kapena 3. Zikadya mazira ulendo woyamba musakhumudwe, makolo atsopano amachita zimenezo kawirikawiri.

Ine ndinayambiranso. Thanki inakhala mwezi wathunthu ili ndi madzi ndi zomera zokha, mng'ono wanga akundifunsa m'mawa uliwonse ngati nsombazo zili za mizimu. Pano ziwiri zomwe ndinagula pambuyo pake zatha chaka. Ngati mukusamuka nyumba pafupipafupi, kapena ya hita ndi fyuluta sinakwane, dikirani kaye. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani mwagula thanki mwezi uno, nsomba mudzagule mwezi wamawa.