Musamangonola tcheni, samalaninso bar

Alimi anzanga a kuno ku Mtunthama, mvula ikatha ndipo fodya wapita ku okushoni ku Chinkhoma, m'minda ya bulugamu mumayamba kulira makina a chainsaw. Ndiyo nyengo yodula mphanda za zigafa ndi nkhuni za m'mabalani a fodya wa fuluu, kuti ziume nthawi yokolola isanafike.

Chimene chimandidandaulitsa ine ndi ichi: aliyense amadziwa kunola tcheni, koma ndi ochepa amene amasamala chitsulo chimene tchenicho chimayendapo, chija amakaniko amati bar. Chikhalirecho bar ndi yokwera mtengo kuposa tcheni, ndipo ikatha imawononganso tcheni chatsopano.

M'mphepete mwa bar muli ngalande, ndipo tcheni chimatsetsereka pa milomo iwiri ya ngalandeyo. Milomoyi imadyeka. Kuno imadyeka msanga kaamba ka dothi limene chiswe chimamata pa makungwa a mitengo. Dothilo likasakanikirana ndi oyilo limapala chitsulo ngati sandipepa. Mlomo umodzi ukatsika kuposa unzake tcheni chimapendekeka, makina amadula mokhota, amakanirira m'chipika ndipo amamwa petulo wambiri. Wodula amayamba kukankha ndi mphamvu, ndipo ngozi imayambira pamenepo.

Zida zokonzera si zodula ayi: tupa wafulati, sikweya ya kalipentala, vayisi ndi kachitsulo kopyapyala kokokolera ngalande.

Choyamba, madzulo aliwonse masulani bar, mukokolole utuchi m'ngalande ndipo mutsegule kabowo kolowera oyilo. Pobwezeretsa itembenuzeni, mbali ya pansi ipite pamwamba, popeza ya pansi ndiyo imadyeka kwambiri. Dzina la Stihl kapena Husqvarna likaoneka chadodolido palibe cholakwika.

Chachiwiri, yang'anani m'mbali mwa milomo. Mukaona kachitsulo kakuthwa kotulukira kunja, kapaleni ndi tupa wafulati. Musayeze ndi chala, kamacheka ngati lezala.

Chachitatu, manani bar pa vayisi ndi kuika sikweya pamwamba pa milomo. Wina ukatalika, palani pang'onopang'ono kufikira yonse ifanane. Galayindala isiyeni, imadya chitsulo chambiri ndi kuchitentha.

Chachinayi, yezani kuya kwa ngalande. Pa tcheni cha 3/8 kapena .325, buku la Stihl limati kusachepere mamilimita 6. Kukachepa, miyendo ya tcheni imagunda pansi ndipo bar yatha ntchito. Gundikaninso rula m'mbali mwa bar kuti ikhudze dzino la tcheni. Pakatsala kampata pakati pa rula ndi bar, ngalande ili bwino. Rula ikagona pa bar, ngalande yakula.

Pogula tcheni onetsetsani kuti chikugwirizana ndi ngalande. Pali cha mamilimita 1.3, cha 1.5 ndi cha 1.6, ndipo nambala yake imalembedwa kutsinde kwa bar. Tcheni chopyapyala m'ngalande yaikulu chimagwedera ndi kudya milomo chamkati.

Tsopano nkhani ya oyilo wakuda wotsitsa m'mathirakitala ndi m'malole. Ambiri amati oyilo wa tcheni ndi wodula ndipo sapezeka pa sitolo zapafupi. Zimenezo ndi zoona, sinditsutsa. Koma oyilo wakuda ali ndi tizitsulo ta mu injini, samatirira pa tcheni, ndiponso amawononga pampu. Mukaona milomo ya bar yasanduka yabuluu, dziwani kuti yapsa. Ndalama imene mwapulumutsa pa oyilo mukaisiya ku Kasungu kapena ku Lilongwe pogula bar ina. Musanayambe ntchito lozetsani nsonga ya bar pa chitsa chodula kumene, osachikhudza, ndipo muonjeze moto. Pazioneka kamzere ka oyilo.

Komabe mlandu waukulu ndikuupereka kwa eni makina ndi eni maesiteti. Mnyamata wodula mumamulipira powerenga mamendulo. Kodi iye angataye bwanji nthawi ndi tupa pamene kupalako simukuwerenga ngati ntchito? Adzathamangitsa makina mpaka atafa, kenaka mudzati anyamata a masiku ano ndi osasamala. Mugulireni tupa ndi oyilo woyenera, ndipo mphindi 15 zokonza bar zikhale mbali ya ganyu. Inunso muziyiona bar ndi maso anu pa Loweruka polipira.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula makina wagulanso ntchito yowasamala. Makina akafa mu Ogasiti nkhuni zimadulidwa mochedwa, zimalowa m'balani zili zaziwisi, moto sukwera bwino, ndipo tsamba limatsika giredi. Zikatero mtengo wa tupa umodzi mumaulipira kambirimbiri pa okushoni.