Zaka 44 za ku Wandsworth

Sabata ino, pofukula mapepala akale m'bokosi, ndinapeza nyuzipepala ya mwezi wa May 2022 imene inalemba zotsatira za chisankho cha makhansala a ku Wandsworth, dera la kummwera kwa mtsinje wa Thames mumzinda wa London, ndipo ndinakhala nayo chete nthawi yaitali ndithu: chipani cha Labour chinatenga mipando 35, cha Conservative 22, wotsalawo nupita kwa woima payekha. Khonsolo imeneyi, imene a Conservative anaigwira chiyambire 1978, namainyadira chifukwa cha msonkho wake wotsika kuposa wa makhonsolo ochuluka a ku England, inawapulumuka m'manja tsiku limodzi, pamodzi ndi makhonsolo a Westminster ndi Barnet. Akulu adati pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo sindikana kuti zaka 44 pampando zimagonetsa munthu tulo; koma chimene chindiwawa mumtima nchakuti, monga ndionera ine, anthu ambiri a ku Battersea, Putney ndi Tooting, madera a mu Wandsworth, anaponya voti maso ali ku Downing Street, kumene Boris Johnson, nduna yaikulu ya dziko la Britain panthawiyo komanso mtsogoleri wa Conservative, anali atangolipitsidwa chindapusa chifukwa cha phwando la m'nthawi ya mliri wa Covid-19, kotero kuti makhansala ena anasenza mphulupulu zimene sanachite. Inu owerenga, likadzafika tsiku lanu, muyeseni khansala wanu ndi zinyalala zimene wachotsa, misewu imene wakonza, ndi nyumba zimene wamangira amphawi.