Yankho la mkonzi: Magalasi achikasu sakuonetsani msewu usiku

Aliyense amene anayendetsapo galimoto usiku kuchokera pa Jenda kulowera ku Mzuzu akudziwa mmene msewu wa M1 umakhalira ukayamba kukwera mapiri a Viphya. Magetsi a mumsewu kulibe, makona ndi ambiri, ndipo m'miyezi ya June ndi July nkhungu imagona pa tala penipeni. Cha ku Luwawa kapena ku Chikangawa, lole ya matabwa imangotulukira pakona itayatsa fulu, magetsi nkukuthobwa m'maso. Kwa kamphindi suona chilichonse. Umangogwiritsa chiwongolero uku ukupemphera kuti m'mbali mwa msewu musakhale munthu.

Vutoli ndi lenileni, nchifukwa chake uthenga umene ukufalikira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ukukopa anthu ambiri. Akuti kuli magalasi achikasu oyendetsera galimoto usiku, amene ukawavala magetsi a galimoto zobwera sakuthobwanso, msewu umawala, ngozi zimachepa. Ena akuwatcha "HD", ena "night vision". Madalaivala a minibasi ndi a matakisi akugula, makolo akutumiziridwa ndi ana awo a ku Joni ngati mphatso yachikondi. Ife tikuti zimenezi si zoona, ndipo tikunena motsindika chifukwa bodza ili likhoza kupha munthu.

Tiyambe ndi mmene diso limagwirira ntchito. Kukada, kamwana ka diso kamatanuka kuti kalowetse kuwala kulikonse kumene kangapezeke, pakuti kuwalako ndi kochepa kale. Galasi lililonse lokhala ndi mtundu, kaya lachikasu, lofiirira kapena lakuda, ntchito yake ndi imodzi: kutsekereza gawo lina la kuwala. Lachikasu limatsekereza makamaka kuwala kwa buluu. Koma galasi silisankha. Silidziwa kuti uku ndi kuwala kwa lole kumene kukukuvutitsani, ndipo uku ndi kuwala kochepa kochokera pa malaya a mayi amene akuyenda m'mphepete mwa msewu atasenza dengu la tomato. Limadula zonse. Magetsi a lole, poti ndi amphamvu kwambiri, amakhalabe amphamvu ngakhale mutawachepetsa pang'ono. Mayi uja, amene ankaoneka mwa apo ndi apo, ndiye amazimiririka.

Nanga bwanji amene anawavala amalumbira kuti akuona bwino? Sitikuwanena kuti ndi abodza. Mtundu wachikasu umapatsa munthu maganizo oti kunja kwawala, ndipo kuwala koyera mbee kwa mababu a LED kumaoneka kofewerapo. Diso limamva kupepukidwa. Koma kupepukidwa kwa diso ndi kuona patali ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ngozi yagona pomwepa. Dalaivala amene akukhulupirira kuti akuona bwino amaponda mafuta. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Mukachedwa ndi sekondi imeneyo kuzindikira ngolo ya ng'ombe yopanda chonyezimira chilichonse kumbuyo, kapena wakabaza wopanda nyali, ndiye kuti mwafika kale pamene ali.

Izi zinayesedwa. Mu 2019 magazini ya madokotala a maso ya JAMA Ophthalmology inasindikiza kafukufuku wa Alex Hwang, Merve Tuccar-Burak ndi Eli Peli a ku Schepens Eye Research Institute, mumzinda wa Boston ku America. Anatenga anthu 22 nkuwaika pa makina oyerekezera kuyendetsa galimoto usiku, okhala ndi magetsi othobwa m'maso ngati a galimoto yobwera kutsogolo. Aliyense anayendetsa atavala magalasi achikasu a mitundu itatu yogulitsidwa pamsika, komanso atavala magalasi oyera wamba, ndipo ankayenera kuliza hutala akangoona munthu woyenda pansi. Magalasi achikasu sanathandize anthuwo kuona woyenda pansi msanga, kaya pali magetsi othobwa kaya palibe. Zotsatirazo zinapendekera ku mbali yoti mwina amachedwetsa pang'ono.

Bodzali ndi lakalekale, langosintha chovala. Mu 1997 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linalipiritsa kampani ya Nationwide Syndications ndalama zokwana $125,000 chifukwa chotsatsa magalasi otchedwa NightSafe ndi mawu oti amachititsa kuyendetsa usiku kukhala kotetezeka, popanda umboni wake. Ku Britain, buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limachenjeza madalaivala kuti asavale magalasi okhala ndi mtundu usiku kapena kunja kukakhala kosaoneka bwino ngati magalasiwo akuchepetsa kuona. Magalasi achikasu ali ndi malo ake, masana: alenje ndi ochita masewera owombera amawavala kukakhala mitambo. Magalasi ena otchedwa "polarized" nawo ndi a dzuwa, amathandiza pa kunyezimira kwa madzi kapena kwa tala wonyowa masana, osati pa magetsi a galimoto.

Chimene chikutidetsa nkhawa koposa ndi ichi. Munthu akayamba kuvutika kwambiri ndi magetsi usiku, mwina kuona nyali iliyonse itazunguliridwa ndi chimkombero chowala, nthawi zambiri diso lake likumuuza kuti pali vuto. Ng'ala imayamba mwakachetechete. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamachita mtambo pang'onopang'ono, kuwala kukalowa kamamwaza mbali zonse, ndipo munthu amayamba kuzindikira zimenezi usiku pamsewu masana akuonabe bwino. Ena ndi maso ongofuna mandala oyezedwa, ena ndi matenda a shuga amene ayamba kugwira maso. Bambo wa zaka 55 amene wakhala pa chiwongolero cha lole moyo wake wonse akagula magalasi achikasu pamsika, wagula chifukwa chozengerezera kupita kuchipatala. Ng'ala ikupitiriza kukula, iye akunyamulabe katundu ndi anthu usiku uliwonse. Pamene ng'ala imachiritsika ndi opaleshoni yaifupi imene ikuchitika m'dziko muno momwe, ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ku Nkhoma, ku Lions Sight First ku Blantyre. Yunivesite ya Mzuzu imaphunzitsa akatswiri oyeza maso. Wa ku Luwawa kapena ku Embangweni ayambire pa chipatala chimene ali nacho pafupi, kapena cha boma ku Mzimba, amuuze kopita. Amene amavala kale mandala a dokotala angafunse za mandala oyera opakidwa mankhwala oletsa kunyezimira. Amenewo satsekereza kuwala, amangochepetsa zithunzithunzi zimene galasilo limabweza m'maso.

Zina zothandiza sizifuna ndalama nkomwe. Galasi lakutsogolo la galimoto likhale loyera kunja ndi m'kati momwe, pakuti fumbi, utsi wa fodya ndi mafuta a m'manja zimamwaza kuwala mofanana ndi ng'ala. Mawaipa otha asinthidwe. Galimoto zambiri zakale zimene timaitanitsa kuchokera ku Japan zili ndi mahedilampu a pulasitiki amene anafiira ndi dzuwa. Apukutidwe mpaka ayere. Galimoto ikamabwera kutsogolo, musayang'ane magetsi ake. Ife timayenda kumanzere, choncho maso akhale m'mphepete mwa msewu kumanzere kwanu, phazi lichoke pa mafuta. Mu nkhungu ya pa Viphya fulu sathandiza, amangobwerera m'maso mwanu. Yendani ndi dimu, pang'onopang'ono.

Tisaiwalenso kumene kuwala kothobwako kukuchokera. Kukuchokera kwa dalaivala mnzathu amene sadima, kwa mwini galimoto amene anaika mababu a LED m'mahedilampu opangidwira mababu akale kotero kuti kuwala kumangobalalika, kwa pikapu yodzaza matumba kumbuyo mpaka mphuno yake kuloza kumwamba, kwa lole ya diso limodzi imene umayesa njinga yamoto. Palibe galasi la pamphuno limene lingakonze zimenezi. Apa tikupempha a Directorate of Road Traffic and Safety Services kuti poyeza galimoto ya COF aziona ngati magetsi akuloza pamalo pake, ndipo apolisi a pamsewu pa Jenda ndi m'malo ena asamangofunsa mapepala okha galimoto ya nyali imodzi ikuwadutsa pamaso. Eni malole a matabwa ndi eni mabasi a usiku atumize madalaivala awo kukayezetsa maso, makamaka amene apitirira zaka 40.

Kwa inu ana a ku Mzimba amene muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene mukufuna kuti bambo azifika kunyumba ali bwino: ndalama ya magalasi achikasu ija atumizireni ngati thiransipoti yopitira ku Mzuzu, dokotala akawaone m'maso.