Roketi ya a Nkoloso ikanauluka

Pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Northern Rhodesia inasanduka Zambia, panali cinthu cimodzi cimene sicinacitike pa bwalo la Independence Stadium. Mbendera inakwera, asilikali anaguba, ng'oma zinalira. Koma roketi ya a Edward Mukuka Nkoloso siinauluke, pakuti akuluakulu a boma sanalole. Awerengi acinyamata, musayese kuti tikukamba nthano ya Kalulu. Nkhaniyi inamveka maiko ambiri, ndipo ngakhale magazini ya Time ya ku America inailemba.

A Nkoloso anali mphunzitsi wa sayansi, msilikali wakale wa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndiponso womenyera ufulu amene atsamunda anamutsekerapo m'ndende. Iwo anakhazikitsa bungwe la dzina lalitali ngati njanji ya ku Livingstone, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, nalengeza kuti Zambia idzafika ku mwezi, kenaka ku Mars, America ndi Russia akali kumanga nsapato. Pa famu ina yosiyidwa, mtunda wa makilomita 11 kucokera m'tauni ya Lusaka, ankaphunzitsa anyamata ao. Wophunzira ankalowa m'diramu lopanda kanthu, anzake n'kuligubuduza pa citunda kuti azolowere cizungulire ca kumwamba. Ankaphunziranso kuyenda cadodolido, ati ndiwo mayendedwe a ku mwezi. Roketi yao, youmbidwa ngati diramu lomwelo, anaicha D-Kalu 1 polemekeza a Kenneth Kaunda. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma UNESCO siinapereke ngakhale tiki.

Cimene cimatikhudza ife a Mpingo ndi mndandanda wa apaulendo wa ku Mars: mtsikana wina dzina lake Matha Mwamba, amphaka awiri, ndi mmishonale mmodzi. Tsono tiyeni tifunse monga akatekisti: ulendowo ukanatheka, bwenzi Akhristu a ku Mars ali pansi pa yani?

Funsoli si lacibwana ai. Pali nkhani imene imakambidwa ya Ambuye William Borders, episkopi woyamba wa Orlando ku America. M'dayosizi yao ndimo munali malo amene Apollo 11 inanyamukira mu Julayi 1969, kupereka Neil Armstrong ndi anzake ku mwezi. Akuti iwo anauza Papa Paulo VI moseka kuti tsopano ndiwo episkopi wa mwezi, popeza malo ongotulukiridwa kumene ayenera kuyang'aniridwa ndi dayosizi kumene apaulendo anacokera. Ngati ndi tero, D-Kalu 1 ikananyamuka, mwezi ndi Mars yomwe zikanagwera m'manja mwa Ambuye Adam Kozłowiecki, Myezuiti wa ku Poland amene anali arkiepiskopi wa Lusaka masiku amenewo. Ndipo ife tikudziwa kumene nchito zovuta za dayosizi zimathera: pa mutu pa katekisti. Bwenzi lero mmodzi wa ife wa kuno ku Bauleni akutumidwa kukacititsa mapemphero a Lamulungu ku nthambi ya Mars, atapatsidwa njinga yopanda mabuleki ndi mau akuti, "Mulungu adzakulipirani."

Mavuto ake akanakhala ambiri. Makina amene amatumizidwa ku Mars amakhala pa njira miyezi 7 kapena kuyandikira pamenepo. Munthu woitanitsa bambo mfumu kuti akadzoze wodwala akanawalandira cikumbutso ca maliro cili pafupi. Caka ca kumeneko cili ndi masiku 687, cotero asungicuma a parishi akanalira, pakuti mtulo wa pacaka ukanabwera mwa apo ndi apo. Nanga Pasaka? Tsiku lake timaliwerengera poyang'ana mwezi, koma Mars ili ndi miyezi iwiri, Phobos ndi Deimos. Komiti ya mapemphero ikanagawanika pawiri, ena a Phobos ena a Deimos, ndipo amai a kwaya akanasoka mayunifomu awiri.

Zabwino zikanakhalaponso. Ife a m'makomboni, amene tagubuduza madiramu a madzi kucokera ku mpopi zaka zonsezi, bwenzi tili akatswiri oyamba kulembedwa nchito: theka la maphunziro a a Nkoloso tinalimaliza kale, kungoti ife timakhala kunja kwa diramu. Ku Mars katundu amapepuka, kulemera kwake n'kungopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake kwa kuno, ndiye msana ukanapumako. Coipa n'cakuti madzi a kumeneko ndi oundana, ndipo makala kulibe. Makondakita a minibasi bwenzi akukuwa m'tauni kuti, "Mars, mmodzi watsala!" Za mapuloti sitikamba: bwenzi mwezi wonse utagulitsidwa kale, puloti iliyonse kwa anthu atatu.

Komabe pali mau ena a a Nkoloso amene tikawaganizira kuseka kumacepa. Iwo analemba kuti atayang'ana Mars ndi galasi loonera kutali anapeza kuti kumeneko kuli anthu osatukuka, ndipo anacenjeza mmishonale wao kuti asakawakakamize Cikhristu ngati iwo sakucifuna. Taonani bwino. Munthu amene anakula akumva mtundu wake ukuchedwa wosatukuka anatenga mau omwewo, nawaponya ku dziko lina, iye n'kudziika pa mpando wa wotulukira maiko wacifundo. Ena amati anali wozungulira mutu. Ena amati ankaseka atsamunda iwo osazindikira, ndipo atolankhani a kunja, pomuseka, anagwa m'mbuna imene iye anakumba. Ife tatsamira kwa aciwiriwa, ngakhale kuti munthu atha kuseka ndi kulota pa nthawi imodzi.

Cenjezo lao lija linaperekedwa mu 1964. Pa 7 Disembala 1965, Msonkhano Waciwiri wa Vatican unatulutsa cikalata ca Dignitatis Humanae, cophunzitsa kuti munthu asaumirizidwe kulandira cikhulupiriro mosafuna. Mphunzitsi wa madiramu anatsogola ndi caka cathunthu. Tilipo ena mpaka lero amene uthengawu sunatifike, amene timati mkamwini wa mpingo wina sadzaona mwana wathu pokhapokha atabatizidwa, ngakhale mtima wake uli kutali ngati Deimos.

Sukulu ya za kumwamba ija siinakhalitse. Ndalama sizinabwere, anyamata anabalalika, ndipo Matha atakhala ndi pakati makolo ake anamutenga kubwerera naye kumudzi. A Nkoloso anapitiriza nchito ina: anakhala nthumwi ya a Kaunda pa malo a African Liberation Centre muno mu Lusaka, kumene omenyera ufulu a maiko oyandikana nafe anali ndi maofesi ao. Mu 1983, ali ndi zaka zopitirira 60, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia. Anamwalira pa 4 Marichi 1989, anthu a ku Mars asanalandire mmishonale wao.